Likadalipo, Alamu

1.

Likadalipo.

Anatero a Dolofina ataima pakhomo la chipinda, mphuno m'mwamba ngati ng'ombe yomva mvula. Phazi limodzi analiponya mkati, kenaka analibweza.

Likadalipo, alamu. Mwachapa ndi chiyani?

Nangondo anali chogwada pakati pa chipindacho, manja ali matope mpaka m'zigongono. Makoma ndapukuta ndi phulusa, alamu. Pansi ndazira kawiri.

Zirani kachitatu. Dothi sitigula.

2.

M'chipinda chimenechi ndi mmene anagona Bisalomu, mwamuna wa Nangondo, mlongo wawo wa a Dolofina, kuyambira nthawi yososa mpaka chimanga chitamasula. Chifuwa. Zenera ankalikana, ati mphepo imamulasa m'nthiti, ndiye Nangondo analitseka n'kutsendera sanza m'mipata. Kunja mvula inkagwa osapuma, makoma n'kumamwa. Mkati munali mpweya wa munthu wodwala ndi wa munthu wodwazika, phala lozizira, mankhwala a m'botolo, mankhwala a m'phale, bulangete losaona dzuwa.

Bokosi litatuluka, fungo linatsala. Fungo la chuku, ngati la thumba la chimanga loiwalika pansi pa nkhokwe. Linakhazikika m'chipindamo ngati mwini wake.

3.

Atameta maliro, abale a Bisalomu anakhala pansi pa mtengo wa mango. Nangondo anamuyalira mkeka payekha, chapatali pang'ono. Iye anabwera m'mudzi muno chitengwa, ndipo mkazi wa chitengwa mwamuna akafa amasudzulidwa: amamuthokoza, amamumasula, amamuonetsa njira ya kwawo.

Nyumba ndi ya Yelemiya, anatero a Dolofina. Yelemiya anali mwana wawo, ndipo za malume amadya ndi mwana wa mlongo. Akukwatira chaka chomwe chino. Koma mkazi wake wamva kale mbiri ya fungoli, akuti iye salowamo. Ndiye ife sitingakusudzuleni nyumba ili chonchi, alamu. Amene anadwazika ndiye adziwa pamene panatayikira chiyani. Khalani kaye, mulichotse. Likatha tikumasulani, muzipita kwanu.

Amuna anagwedeza mitu. Wina anati a Dolofina ali ndi mtima, ena akadangomutulutsa lero lomwe. Nangondo anawomba m'manja mwaulemu, monga anaphunzitsidwira.

4.

Kwanu.

5.

Kwawo ndi kuseri kwa mapiri a Dedza kumene anachoka tsitsi lili bii ndipo lero imvi zayamba m'mbali mwa makutu, kumene amayi ake anagona kalekale ndipo nyumba yawo inagwa n'kumerapo maungu, kumene munda umene ukadakhala wake anagawana ana a mng'ono wake amene akakumana naye panjira angamupatse moni wa mlendo, kumene anapitako komaliza pa maliro a mlongo wake n'kugona pakhonde chifukwa m'nyumba munali modzaza eni ake, ndipo kutacha mng'ono wake yemweyo anamufunsa akumwetulira kuti basi yanu imadutsa nthawi yanji achemwali, ndipo iye anayankha kuti ya m'mawa ngakhale inali ya madzulo n'kukakhala pamsewu tsiku lonse ndi mpukutu wake pamwendo kuti asaoneke ngati akudikira chakudya, kumeneko ndiye kwanu kumene ankanena a Dolofina

6.

Zimene anamuuza amayi a pamjigo:

makala ouma m'mbale, m'makona onse anayi
mpungabwi, wauwisi woyala pansi, wouma wofukiza
masamba a bulugama owiritsa, nthunzi yakeyo
makoko a mandimu
phulusa la zitsononkho
soda wa kugolosale, wa therere uja
zenera ndi chitseko zikhale pululu, mphepo ilowe uku ituluke uku
zonse za m'chipindamo zione dzuwa
kupemphera
kusiya kulira, poti misozi nayo ndi chinyezi

Anachita zonsezi chitseko chili chotsegula, aliyense wodutsa akuona. Chomaliza chokhacho ndicho ankachita atatseka, ndipo chinkamukanika.

7.

Felesiya, madzi!

Dzina limenelo ankaliitana ndi Bisalomu yekha. Ena onse ankangoti Nangondo. Chaka choumba njerwa, mjigo kunalibe, madzi ankatunga kudambo. Bisalomu ankaponda dothi buluku atalipinda mpaka m'ntchafu, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mosemphanitsa mawu.

Felesiya, madzi! Dothi lauma!

Ndangotula kumene, bambo inu.

Bwereranso. Njerwa sizimwa nkhani.

Nkhata inamudya tsitsi la pamutu mpaka panatsala dazi ngati la mwana wakhanda. Tsiku lokhoma lata lomaliza, Bisalomu anatsika padenga, namugwira padazipo ndi chala chimodzi. Nyumba iyi ndi madzi ako, Felesiya. Ine ndangothirapo dothi.

Mawu amenewo panalibe wina anawamva. Pansi pa mtengo wa mango sakadathandiza kanthu.

8.

Likadalipo, alamu.

Ndafukiza mpungabwi dzulo ndi dzana.

Ndamva. Tsopano mukununkha mpungabwi ndi chuku pamodzi, ngati mtembo wodzola mafuta. A Dolofina anaseka okha, napukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Musafulumire, zinthu izi zimafuna mtima. Pamene mukudikira makalawo agwire ntchito, mtedza wa malemu uja udzu waumeza. Ine msanawu mukuudziwa. Ndi mizere ya mbatata, mvula isanathawe.

Nangondo anatenga khasu. Linali khasu lake lomwe, munda womwewo, koma tsopano unkatchedwa wa malemu.

9.

Njira ya kumunda imadutsa m'mbali mwa msitu wa manda. Munthu salowamo popanda maliro. Nangondo sankalowa. Ankangochepetsa mwendo akafika pa mtengo wa mkuyu, n'kunena chapansipansi.

Sinoya, ndikupita kumunda. Malita, usamuvutitse mlongo wako.

Sinoya anafa atayamba kuyenda. Malita sanafike poyenda. Atatha iwowa mimba inatseka, ndipo a Dolofina ankati Bisalomu anagula nkhuku yosaikira. Tsopano bambo wawo ali nawo momwemo, chakumadzulo kwa mkuyu, dothi lake likadali lofiira.

Kuchokera kuseri kwa mapiri a Dedza, mawu a chapansipansi safika pa mkuyu umenewu.

10.

Mkazi wa Yelemiya anabwera Loweruka pa njinga ya kabaza. Dzina lake Esime, woluka tsitsi ku tauni ya pamsewu. Anali wokongola, zimenezo Nangondo sanakane. Anaima pamene amaima a Dolofina, natseka mphuno ndi zala ziwiri za zikhadabo zofiira.

Iii, anti! Mumagona momwemuno?

Momwemuno, mwanawe.

Ndiye mwazolowera. Munthu fungo lake salimva.

Anatulutsa chitini m'chikwama, nafayira m'mwamba, m'makona, pabedi. Chipinda chonse chinanunkhira maluwa osamera kuno. Kenaka anayang'ana Nangondo, nafayirakonso pang'ono cha pa phewa pake, akuseka. Ndikucheza, anti, musakwiye.

Anayeza zenera ndi mkono, ati makatani. Anafunsa ngati bedilo ndi la mbawa. Pofika madzulo maluwa aja anali atapita, chuku chili pomwepo, ndipo Nangondo anapeza kuti akumwetulira yekha m'chipinda chopanda munthu.

11.

Mvula inatha. Mphepo ya masika inayamba kulowa uku n'kutulukira uku, monga ananenera amayi a pamjigo. Makala anagwira ntchito yake. Dzuwa linagwira ntchito yake.

M'mawa wina Nangondo anadzuka, nakoka mpweya, ndipo anamva utsi wa kwa aneba. Anakokanso. Ndowe za ng'ombe. Anagwada, mphuno pansi, nakwawa m'mbali mwa khoma ngati galu wotaya mbuye wake. Analipeza pakona ya kumutu kwa bedi, lochepa, lowonda, likupuma movutikira.

Likatha tikumasulani.

Anakhala pansi pomwepo. Kunja tambala ankathamangitsa thadzi, ana ankapita kusukulu, ndipo dziko lonse linkauma mokondwa.

12.

Pakhonde panali mtsuko waukulu wakuda, wakale, wa apongozi ake. Bisalomu anautenga kwa amayi ake iwo atamwalira, ndipo ankasungiramo nyemba za mbewu. Madzi sankathiramo. Nangondo anayesapo kamodzi kale, m'mawa mwake n'kupeza pansi pali nyowee, madzi atatsika ndi dzanja lathunthu. Mng'alu wake unali kumatako, wochepa ngati tsitsi, wosaoneka ngati munthu sanauzondotse.

Tsiku limenelo anakhuthula nyemba. Anaugubuduza mtsukowo mpaka kuchipinda, nauimika pakona ya kumutu kwa bedi, pamene pansi ndi khoma zimakumana. Anaudzaza. Anavundikira mbale.

Mbuzi zimandimwera madzi pakhonde, anauza mayi wina wodutsa, ngakhale mayiyo sanafunse.

13.

Ife a pamjigo timaona. Sitinena, koma timaona. Munthu mmodzi, wopanda mwamuna, wopanda mwana, ndowa m'mawa, ndowa masana, ndowa madzulo. Mukusamba kangati a Nangondo? Kapena kwabwera wina woti mumutenthetsere madzi? Ha! Maliro a dzana lomweli! Ayi anzanga, musamunamizire, akuchapa nyumba. Nyumba yanji yosatha kuchapa? Ife tinadwazikapo, fungo linatha ndi sabata. Limenelo si la chinyezi. Ndi malemu akukana kutuluka. Akana bwanji munthu anafa bwinobwino? Anafa bwino, munaliko? Chifuwa chanji chosamva jakisoni? Ana awiri, mwamuna, onse m'manja amodzi. Ine sindinanene kanthu. Inenso sindinanene. Sunthani ndowa yanu, a Nangondo, isagundane ndi yanga.

14.

Likadalipo. Koma nyengo ino, alamu? Kunja fumbi?

Nanenso zikundidabwitsa, alamu.

A Dolofina ulendo uno analowa. Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma, manja kumbuyo. Anafika pakona. Anayang'ana mtsuko. A Dolofina anavundukula mbale, natunga ndi chikho, namwa, navundikiranso.

Madzi ozizira bwino. Mtsuko wa amayi uwu.

Inde. Mbuzi zimandimwera pakhonde.

Mbuzi za chaka chino zilibe mwambo. Anatembenuka, naloza pa msomali. Vuto ndi izi. Nsalu imasunga fungo.

15.

Zimene anatentha kuseri kwa bafa tsiku limenelo:

mphasa
bulangete la mizere yofiira
pilo wa nthenga za nkhuku, amene anasoka Nangondo
malaya awiri
chipewa cha kumunda
jekete la Lamulungu, limene m'thumba mwake munali chingwe cha njinga ndi njere zitatu za mtedza wokazinga

Machesi anapatsa Nangondo. Ayatse mwini, anatero a Dolofina, ife tingaoneke ngati olanda.

Jekete linavuta kupsa. Linafuka, linapinda manja ake pachifuwa. Nangondo analitembenuza ndi mtengo.

Musaime kumene kukupita utsiko, alamu. Mungalitengenso m'zovala.

16.

Likadalipo. Mtedza wakhwima, ungamere m'nthaka.

Anakumba. Anayanika. Anathothola.

Likadalipo. Mbalame zikutha mapira.

Anaingitsa mpaka mawu anasasa.

Likadalipo, koma musataye mtima. Anzathu ayamba kudula chimanga.

Anadula. Anaimika mikukwe yekha, mzere ndi mzere, mapesi akumucheka m'mikono. Podutsa pa mkuyu ankanena kuti Sinoya, chaka chino chabereka, uwauze abambo ako. Madzulo ankapita kumjigo ndi ndowa yomaliza, ya mtsuko. Khoma la pakona linada mpaka m'chiuno. Miyendo ya bedi inamera ubweya woyera. Iye anayamba kutsokomola pang'ono podzuka, ndipo chifuwa chimenecho ankachimeza chikamabwera pa anthu.

17.

Iwe Felesiya, wayamba kuwerengera chiyani? Dzulo a Dolofina akubweretsera mbatata yootcha m'chitenje, akhala nawe pakhonde, akusendera ndi manja awo. Akuuza za Bisalomu ali mwana, mmene anagwera m'chitsime pofuna kugwira chule. Mwaseka nonse awiri. Akuti wawonda, uzidya. Akuti mphamvu zako akuziona. Ndipo iwe wagona ukuganiza kuti mwina Esime atopa kudikira, mwina Yelemiya amanga yake kumsewu, mwina chaka chikatha anthu aiwala kuti unali woti uzipita, monga amaiwalira chitsa chimene akhala akuchizungulira. Mwina tsiku lina adzangoti khalani, alamu, mupita kuti. Ndipo wachita manyazi. Wayang'ana mtsuko uja n'kumva ngati wabera munthu wabwino. Unatsala pang'ono osaudzaza.

Unaudzaza.

18.

Yelemiya anabwera ndi thumba la laimu pa njinga. Analitsitsa pakhonde osayang'ana kumaso.

Akuti laimu amapha chuku, amayi. Mupake mkati monse. Ndi kunja komwe, poti watsala wambiri.

Amayi. Ankamuitana choncho kuyambira chaka cha mphere, pamene a Dolofina anali ku ukwati wina kutali ndipo mwanayo anamusiya kwa malume ake. Nangondo ndiye ankamusambitsa ndi madzi a zitsamba, akulira, akumuluma pamkono. Chipsera chake chikadalipo.

Wadya, Yelemiya?

Ndadya, amayi. Anakanda kumutu. Esime akuti ngati mungathe, m'munsi mwa khoma lakunja mupake dothi lakuda, mzere wowongoka. Zimaoneka bwino pa chithunzi.

Nangondo anapaka. Laimu anamudya zala mpaka khungu linasenda. Nyumba inayera mbee, anthu odutsa n'kumaima. Bisalomu ali moyo sinayerepo choncho.

19.

Ngolo yomaliza inalowa Lachisanu. Nkhokwe inadzaza mpaka denga lake linakhala mopendekeka. Mtedza unali m'matumba, mapira pa thandala, mbatata m'nkhuti. Nangondo anasesa pabwalo, natola njere iliyonse yogwa.

A Dolofina anabwera, nazungulira nkhokwe, naigogoda ndi chala ngati dzungu. Kenaka anapita pakhomo la chipinda, naimapo. Nangondo anadikira mawu aja. Anali atawazolowera ngati moni.

Sanawanene.

Mwavutika mokwanira, alamu. Makala alephera, laimu walephera. Kwatsala sing'anga mmodzi, amene salipiritsa. Mawa kubwera anyamata.

20.

Anabwera ndi makwerero ndi mahamala. Yelemiya anakwera poyamba. Msomali uliwonse unkalira potuluka, ndipo Nangondo ankaidziwa misomali imeneyo, ndiye ankaipereka m'mwamba umodziumodzi kuchokera m'chitenje. Lata loyamba linatsika. Lachiwiri. Kuwala kunagwera m'chipinda ngati madzi otayika, kunagwera pabedi, pa msomali wopanda jekete, pakona.

Bedi panja, anatero a Dolofina. Ndi mtsukowo. Mugwire bwino, ndi wokalamba.

Anyamata awiri anautulutsa, madzi anathira pa nthochi. Pamene unakhala panatsala bwalo lakuda, lonyowa, lozungulira bwino ngati mwezi. Aliyense analiona.

Malata tibwezera pakauma, anatero a Dolofina kwa anthu oonerera. Dzuwa ndiye mankhwala. Akuluakulu anati mlendo ndi mame.

Mwambi sanaumalize. Aliyense amadziwa chimene mame amachita dzuwa likakwera.

Inali nyengo ya chisanu. Bulangete linali litapsa. Nangondo ankagona m'khitchini, pafupi ndi mafuwa, ndipo kukacha ankakaima m'chipinda chopanda denga kuyang'ana bwalo lija likuchepa. Linafika ngati lichero. Linafika ngati mbale. Linafika ngati chikhatho cha mwana.

21.

Latha.

Anatero Esime, atakoka mpweya kawiri pakati pa chipinda, manja m'chiuno. Latheratu, amayi, anauza a Dolofina. Mwaona, anti? Munkangofunika kuthandizidwa.

22.

Pansi pa mtengo wa mango, mkeka womwe uja.

Anamuthokoza. Anati anasunga m'bale wawo bwino, pa zabwino ndi pa zowawa. Anati kuyambira lero ndi womasuka, akapeza mwamuna akwatiwe, iwo alibe naye mawu. Pamenepo wina anaseka, nanamizira kutsokomola.

Zotsala: nyumba, malata, bedi, njinga, mbuzi, nkhokwe ndi za mkati mwake, poti munda ndi wa eni nthaka ndipo chomera pa nthaka chimatsata nthaka.

Zopita: zitenje zake, mapoto awiri, khasu, lichero, nkhuku imodzi yoti akaonetse kwawo kuti anachoka bwino, ndi ufa wa panjira.

Nangondo anawomba m'manja.

23.

Anamuperekeza a Dolofina okha. Ena anali otangwanika, malata ankabwerera padenga. Kumbuyo kunkamveka mahamala.

Nangondo anali ndi mpukutu kumsana, nkhuku m'khwapa. A Dolofina anasenza mtsuko uja, wopanda kanthu, ndipo anayenda nawo mowongoka, msana osawavuta. Atafika pa mkuyu anautula.

Ine ndibwerere pano. Uwu tengani, alamu. Sunali pa zogawa, ndikukupatsani ine.

Ndi wa amayi anu.

Wa amayi, inde. Anaugwira m'khosi, naupendeketsa, nayendetsa chala kumatako kwake osayang'ana n'komwe, mpaka chala chinaima chokha pa mng'alu. Apa. Ndinaugwetsa ndine, ndili namwali, pothawa njuchi kuchitsime. Amayi anandimenya ndi mthiko mpaka unathyoka. Kuyambira tsiku limenelo sunasungepo madzi.

Nkhuku inapalapata m'khwapa. Nangondo anaipanikiza.

Tsiku lomwe munaulowetsa ndinauona ukusowa pakhonde. Ndinati mlamu wanga ali ndi nzeru. Nanga ndikadatani? Yelemiya khasu saligwira. Esime ndi zikhadabo zija. Ine ndikadakuuzani kuti tsalani mutikololere, anthu akadati a Dolofina agwira kapolo. Koma munthu wofuna yekha kukhala, amene akudzitungira yekha madzi omukhazika, ameneyo ndani angamuletse? Anamusasa fumbi paphewa, pamene anafayira Esime. Ndinkakumverani chisoni ndi ndowa ija ya madzulo. Koma mtedza munauyanika bwino. Chifuwacho mukapite nacho kuchipatala, chinyezi si chabwino. Muyende bwino, alamu. Mukapereke moni.

Anabwerera. Sanacheuke.

Nangondo anaima pa mkuyu nthawi yaitali. Anatsegula pakamwa kuti awauze ana kumene akupita, koma sanapeze dzina la malowo limene iwo angalidziwe. Anapinda chitenje, napanga nkhata, nasenza mtsuko. Unali wopepuka. Unakhala bwino pamene panali dazi kale.

Pamsewu panalibe munthu. Basi inali ya madzulo. Anakhala pansi pa chikwangwani, namangirira nkhuku ku mwendo wake, naika mtsuko pakati pa maondo. Mphepo inkadutsa pakamwa pa mtsukowo n'kumalira pang'ono. Anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anawerama, nalowetsa nkhope yonse mkati, mumdima wozizira, nakoka mpweya pang'onopang'ono, kuti usathe msanga.

Phala lozizira. Bulangete la mizere yofiira. Mvula pa malata. Munthu akutembenuka pabedi, akufuna madzi.

Likadalipo, anatero Felesiya, ndipo mtsuko unamuyankha.